Hard drive ikuyaka koma nyimbo sizikuoneka pa XDJ-RX2, ukwati uli Loweruka

Phwitiko
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Loweruka likubwerali ndikukaimba pa ukwati ku Lilongwe, ndipo makina oimbira nyimbo amene ndabwereka ndi Pioneer XDJ-RX2. Sabata yatha ndinagula hard drive yatsopano ya 1TB n'kuikamo nyimbo zanga zonse, pafupifupi 380GB, zomwe ndakhala ndikutolera zaka 7. Pa laputopu ikutseguka bwinobwino, mafoda onse alipo. Koma ndikailowetsa pa USB 1 ya makinawa, kagetsi kake kamayaka, ndikaika khutu ndimaimva ikuzungulira, pa sikilini ziii. Ndayesa USB 2, chimodzimodzi. Fulashi ya 16GB ya mng'ono wanga ikuwerengeka nthawi yomweyo. Vuto lili pa hard drive kapena pa makina? Eni ukwati anandipatsa kale theka la ndalama, lero ndi Lachiwiri.

Tsabola_wa_Kambuzi
Ifomateni basi amwene, zitheka.

NaPhiri_wa_Makompyuta
Ayi, musafomate kaye. A Phwitiko, ndiyankheni ichi tisanapite patali: nyimbozo munachita kukopera kapena kusamutsa? Ndikutanthauza kuti, mu laputopu zikadalimo?

Phwitiko
Achemwali, laputopu inadzaza, ndiye zambiri ndinazichotsamo nditaona kuti zalowa mu hard drive. Zatsala mwina 100GB zokha. Zinazo zili kumodzi komweko.

NaPhiri_wa_Makompyuta
Ndiye mukanamvera mawu oyamba aja, bwenzi pano tikulira maliro a zaka 7. Chitani izi tsopano, sizifufuta kanthu. Lowetsani hard drive pa laputopu, tsegulani This PC, dinani kumanja pa dzina lake, sankhani Properties. Pali mzere wolembedwa File system. Mutiuze chomwe chalembedwa kutsogolo kwake.

Phwitiko
Palembedwa NTFS.

NaPhiri_wa_Makompyuta
Vuto loyamba ndi limenelo. Makina oimbira nyimbowa si kompyuta. Windows imamva zilankhulo zambiri za kasungidwe ka mafayilo, koma XDJ-RX2 imamva zitatu zokha: FAT16, FAT32 ndi HFS+ ya Mac. NTFS siidziwa, exFAT siidziwanso. Ma hard drive ambiri amachoka ku fakitale ali NTFS kapena exFAT chifukwa anapangidwira makompyuta. Fulashi ya mng'ono wanuyo ikuwerengeka chifukwa mafulashi a 32GB kutsika m'munsi nthawi zambiri amabwera ali FAT32 kale. Choncho hard drive yanu ndi yabwino, makina ndi abwino, kungoti sizikumvana. Iyenera kufomatidwa kukhala FAT32, ndipo kufomata kumafufuta zonse. Pezani kaye malo ena okwana 380GB, mukopere chilichonse, mutsegule mafoda angapo n'kuimba nyimbo ziwiri zitatu kuti mutsimikize kuti zalowadi. Mukatero mubwerenso.

Tsabola_wa_Kambuzi
Ndiye ndinalakwa pati? Mapeto ake si kufomata komweko?

NaPhiri_wa_Makompyuta
Mankhwala munatchula olondola, koma munasiya kunena kuti amapha nyimbo. Komanso akanadina Format pa Windows, akanapatsidwa NTFS ndi exFAT basi, chifukwa kabokosi kaja sikapereka FAT32 pa chinthu choposa 32GB. Akanataya nyimbo, vuto n'kukhala lomwelo.

Mkulu_wa_Zingwe
Ine ndikutsutsako pang'ono mayi. Za NTFS n'zoona, koma musaiwale moto. Ndakhala pa masipika ndi maampu kuyambira nthawi ya makaseti, ndipo ma hard drive ang'onoang'ono opanda chaja awa, a mainchesi 2.5, amadya moto wochokera pa USB pomwepo. Malamulo a USB 2.0 amangolonjeza 500mA, a USB 3.0 ndi 900mA. Mbale za m'katimo zikamayamba kuzungulira zimakoka moto wambiri kuposa nthawi ina iliyonse, mwina kufika pafupi ndi 1A. Pa laputopu zimayenda, pa makina ena mumangomva "tiki, tiki, tiki", ikufuna kudzuka n'kugonanso. A Phwitiko, ikani khutu bwino. Ikuzungulira mosalekeza kapena ikudukiza?

Phwitiko
Madala, ikuzungulira mosalekeza. Koma ndikagwedeza chingwe pang'ono pamene chalowa mu hard drive, kagetsi kamathima n'kuyakanso.

Mkulu_wa_Zingwe
Icho! Chingwecho, musunge mawu anga. Kamutu kophwatalala kaja ka Micro-B kamakhwepa msanga. Lero simukuchiona ngati vuto chifukwa NTFS yatsekereza njira, koma Loweruka mabesi akayamba kugunda tebulo mudzachidziwa. Pezani china chachifupi, chonenepa. Zazitali zopyapyala zija moto umathera m'njira.

Namadzi88
Mwina ndi vayilasi ya shortcut ija. Ine fulashi yanga nditapita nayo kokasindikiza zikalata, inabwerako mafoda onse asanduka timivi. Mu wailesi ya galimoto munalibe nyimbo ngakhale imodzi, koma kompyuta imaonetsa kuti malo adzaza.

NaPhiri_wa_Makompyuta
Imeneyo ndi nthenda ina a Namadzi, ndipo ndi yofala kwambiri m'malo osindikizira. Vayilasiyo imabisa mafoda enieni n'kuika timivi m'malo mwake, ndiye wailesi imaona fulashi koma yopanda kanthu. Mankhwala ake, mukachotsa vayilasiyo, tsegulani Command Prompt mulembe attrib -h -r -s /s /d kenako chilembo cha fulashi, monga E:\*.* ndipo mafoda amabwerera. Koma a Phwitiko anena kuti mafoda awo akuoneka bwino, ndipo makina sakuiona n'komwe hard drive. Si vayilasi.

Wa_ku_Joni
Moni nonse kuchokera ku Johannesburg. Ine funso langa ndi lina: n'chifukwa chiyani munthu akufuna kupita pa ukwati ndi 380GB? Kuno m'makalabu anthu amalowa ndi mafulashi awiri m'thumba, basi. Ukwati wa maola 6, ngakhale nyimbo iliyonse itakhala mphindi 4, ndi nyimbo 90. Onjezani za mwadzidzidzi zifike 1,000. MP3 ya 320kbps ya mphindi 4 sifika 10MB, ndiye nyimbo 1,000 ndi 10GB. Fulashi ya 32GB ikukwana n'kutsala malo.

Chimbalangondo
Achimwene a ku Joni mwaiwala ukwati wa kwathu. Kalabu mumasankha nyimbo ndinu, pa perekani-perekani amasankha ndi anthu. Akuchimuna akufuna nyimbo ya kwawo ku Mzimba, akuchikazi akufuna ya Chilhomwe, a kwaya akufuna yawo, anzawo a kuntchito akufuna amapiano, ndiye pali agogo ena amene saimirira kukafupa pokhapokha pamveke nyimbo ya m'ma 1980. Mukati mulibe, MC amalengeza pa maiki kuti DJ alibe, holo yonse n'kutembenukira kwa inu. Ndalama zimene zikanagwa m'mbale muja zimabwerera m'matumba, ndipo eni ukwati amadziwa amene wawalepheretsa. Ine sindimudzudzula munthu wonyamula nkhokwe yonse.

Wa_ku_Joni
Ndamva akulu, pamenepo mwanena zoona. Koma ndibwerezabe: nkhokwe ikhale pa USB 2, ndipo pa USB 1 pakhale fulashi yokhala ndi nyimbo zimene ukwati sungayende popanda izo. Yolowera akwati, yodulira keke, za makolo. Makinawo ali ndi malo awiri pa chifukwa.

Gogo_wa_Makaseti
Ife tinkanyamula ma CD m'zikwama ziwiri pa njinga. Dzuwa likawaomba ena ankadumphadumpha, koma CD imodzi ikafa inkafa yokha, zinazo n'kumaimba. Zanuzi chinthu chimodzi chikagwa pansi, mwataya zonse tsiku limodzi. N'chifukwa chake mawu a NaPhiri okopera kaye ndawagwirizana nawo kwambiri. Ndipo popeza tikukamba za nkhokwe, ana inu muzigulako nyimbo kwa eni ake. Oimba athu amavutika. COSOMA inakhazikitsidwa mu 1992 kuti woimba azipezako kanthu nyimbo yake ikaimbidwa pagulu, koma ambiri tikudyera pa thukuta lawo osaganizako.

Tsabola_wa_Kambuzi
Agogo nkhaniyo ndi yofunika koma iyambitsidwe payokha, munthu ali ndi masiku anayi okha.

Phwitiko
Ndabwera. Ndabwereka hard drive ya mlamu wanga, ndakopera zonse usiku wathunthu. Zinatenga maola opitirira 4 chifukwa ndinalowetsa imodzi pa malo akale a USB, ndipo magetsi atazima pakati ndinapulumuka ndi batire ya laputopu. Ndayesa nyimbo za m'mafoda 10, zonse zikuimba. Mamawa ndatsitsa kapulogalamu ka guiformat kamene mnzanga anandiuza, ndafomata, tsopano Properties ikuti FAT32. Ndaikamo foda imodzi yoyesera. Pa makina: ziii, ngati poyamba. Mtima wanga wagwa pansi.

Mkulu_wa_Zingwe
Ndinanena ine. Moto.

NaPhiri_wa_Makompyuta
Dikirani madala, pali khomo lachiwiri lomwe sitinatsegule. A Phwitiko mwachita bwino kuyesa ndi foda imodzi m'malo mobwezeramo zonse. Tsopano mvetsani ichi. Hard drive ili ngati munda. FAT32 ndi mmene mizere yalimidwira, koma kumayambiriro kwenikweni kuli kalata yonena malire a mundawo. Kalatayo ilipo ya mitundu iwiri, yakale yotchedwa MBR ndi yatsopano yotchedwa GPT. Ma hard drive ambiri atsopano amabwera ndi GPT, pomwe makina a m'badwo wa RX2 amayembekeza MBR. Kufomata kumasintha mizere yokha, kalata ija sikuikhudza. Kuti muone, dinani kumanja pa batani la Start, sankhani Disk Management. M'munsi muona Disk 0, Disk 1. Dinani kumanja pa kabokosi ka kumanzere ka disk imene ikuonetsa pafupifupi 931GB, imeneyo ndiye 1TB yanu, sankhani Properties kenako Volumes. Werengani Partition style.

Phwitiko
GUID Partition Table (GPT). Achemwali inu!

NaPhiri_wa_Makompyuta
Chabwino. Apa ndikupemphani muchite modekha, chifukwa pamenepa anthu amafufuta zosayenera. Choyamba zulani hard drive ya alamu anu, muiike m'chipinda china. Pa laputopu patsale yatsopano yokhayo. Tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani diskpart. Kenako list disk. Muona mndandanda, ndipo imene ili ndi kanyenyezi pansi pa Gpt ndi ya GPT. Musayang'ane kanyenyezi kokha, chifukwa disk ya m'kati mwa laputopu nayonso mwina ili nako. Yang'anani kukula. Ngati ya laputopu ilinso 931GB, zulani yakunjayo, lembaninso list disk, muone nambala imene yasowa, kenako ibwezereni. Mukatsimikiza, lembani select disk ndi nambala yake, kenako clean, kenako convert mbr, kenako create partition primary, kenako assign. Windows ikakufunsani kuti mufomate, kanani, mutsegule guiformat muifomate FAT32 ngati mmene munachitira mamawa. Gawo likhale limodzi lokha, musaigawe pawiri.

Amene muli ndi Mac njira ndi yachidule. Mu Disk Utility dinani View, Show All Devices, sankhani dzina la pamwamba la hard drive osati la m'munsi, dinani Erase, Format muike MS-DOS (FAT), Scheme muike Master Boot Record. Mukapanda kudina Show All Devices, mzere wa Scheme suoneka, ndipo ambiri amakodwa pomwepo.

Namadzi88
Nanga wogula ya 4TB atani?

NaPhiri_wa_Makompyuta
Adzalira. MBR pa ma disk wamba imathera pa 2TB, zotsalazo zimangokhala osagwira ntchito. Ya makina oimbira musapyole 2TB. Makina atsopano monga CDJ-3000 ndi XDJ-RX3 amatha kuwerenga exFAT akakhala ndi firmware (pulogalamu ya m'kati mwa makinawo) yatsopano, koma ngati mumaimbira makina obwereka, simudziwa amene mukawapeze. FAT32 pa MBR ndi imene imalowa paliponse, mpaka mu wailesi ya minibasi.

Wa_Kwaya_Ndirande
Pepani kulowerera, ine si DJ, ndimayang'anira zokuzira mawu kutchalitchi. Chomwe ndikufuna kuonjezera pa mawu a madala aja ndi kugwedezeka. Tsiku la Paper Sunday tinaika hard drive pa tebulo lomwe linagundana ndi sipika ya mabesi. Nyimbo zinkaima pakati, kenako ikuyambanso, kenako inasiyiratu. Kamutu kowerenga m'katimo kamayandama pafupi kwambiri ndi mbale yozungulira, sikafuna kugwedezedwa. Kuyambira pamenepo timaiika pa thaulo lopinda kanayi, pa mpando wakewake, kutali ndi sipika. Tinagulanso SSD, yomwe ilibe chozungulira, vuto limenelo linatha.

Chimbalangondo
Bwanji osangogwiritsa ntchito USB hub, kabokosi kochulukitsa malo a USB, yokhala ndi chaja yake, moto ukwane?

Mkulu_wa_Zingwe
Buku la makinawa limanena kuti hub isagwiritsidwe ntchito. Ena zimawayendera, koma sindingaike ukwati wa munthu pa "ena zimawayendera". Ngati moto ukuchepadi, pali chingwe cha mitu iwiri, mutu umodzi pa makina, winawo pa chaja ya foni. Apo ayi hard drive yaikulu ya mainchesi 3.5 yokhala ndi adaputala yakeyake, koma iyo jenereta ikatsokomola imazima nthawi yomweyo.

Phwitiko
YATHEKA! Lachinayi usiku uno, yatheka. Nditachita convert mbr n'kufomatanso, ndalowetsa pa USB 1, kagetsi kaphethira masekondi ochepa, dzina la hard drive n'kutulukira pa sikilini. Ndaimba nyimbo yoyesera ija katatu. Achemwali a NaPhiri, Mulungu akudalitseni. Tsopano ndikubwezeramo zonse, koma mafayilo atatu akukana, ikuti ndi aakulu kwambiri pomwe malo alipo ambiri.

Wa_ku_Joni
Amenewo apitirira 4GB. FAT32 silandira fayilo imodzi yoposa pamenepo. Ndi mavidiyo eti?

Phwitiko
Eya, mavidiyo a zinkhoswe ziwiri ndi ukwati wina.

Wa_ku_Joni
Asiyeni kwa alamu anu, makinawo sakanawaimba n'komwe. Koma musangokoka mafoda n'kuponya. Ikani rekordbox, pulogalamu ya Pioneer yokonzera nyimbo, pa laputopu, mbali yotumizira nyimbo ku USB ndi yaulere. Lowetsani nyimbo mmenemo iziyeze, pangani ma playlist, kenako Export. Imapanga foda yotchedwa PIONEER yokhala ndi kaundula wa nyimbo zonse, BPM (liwiro la nyimbo) ndi mafunde a nyimbo. Popanda kaundulayo makina amangokuonetsani mafoda, kufufuza dzina la nyimbo kumakhala kovuta, ndipo MC akuitana gulu lina inu mukadali kupukusa kagudumu. Nthawi yatsala pang'ono, ndiye yambani ndi nyimbo za ukwatiwu ndi zina zotchuka, laputopu igwire ntchito usiku. Chinanso, mafoda oikidwa m'kati mwa anzawo kupyola magawo 8 makinawa safikako.

NaPhiri_wa_Makompyuta
Ndipo mukamaliza Export musakasunthe kapena kusintha mayina a mafayilo pa hard drive paja. Kaundula amasunga njira ya kumene nyimbo ili. Mukaisuntha, dzina lidzaoneka pa sikilini koma mukadina Load mudzaona E-8306, kutanthauza kuti fayilo palibe. Pochotsa, gwirani batani la USB STOP mpaka kagetsi kasiye kuphethira. FAT32 ilibe kabuku kodzitetezera kamene NTFS ili nako, ndiye kuizula ikulemba kumaononga kaundula mosavuta.

Phwitiko
Ndamva zonse. Vuto lina laling'ono: nyimbo imene mkwatibwi akufuna kulowera ndi ya kwaya ya kumpingo kwawo, ananditumizira pa WhatsApp. Pa foni ikuimba. Poyamba makina sankaionetsa n'komwe, ndiye ndinasintha mapeto a dzina kukhala .mp3. Tsopano ikuoneka koma ikubweretsa E-8305.

Wa_Kwaya_Ndirande
Imeneyo anaijambula ngati voice note, mapeto ake enieni ndi .opus kapena .ogg. Kusintha dzina sikusintha zam'kati. Bwezerani dzina lakale, tsegulani pulogalamu ya VLC, Media, Convert / Save, sankhani Audio - MP3. Koma ndikupempheni chinthu: voice note imafinyidwa kwambiri, pa masipika akuluakulu idzamveka ngati ikuchokera m'chitini, ndipo ndi nthawi imene holo yonse imakhala chete kuyang'ana khomo. Imbirani wotsogolera kwayayo, mwina ali ndi fayilo yochokera ku situdiyo. Akutumizireni ngati Document kuti isafinyidwe. Akatumiza WAV, mtundu wa fayilo ya nyimbo yosafinyidwa, onani kuti ndi 16-bit kapena 24-bit, ya 32-bit float imakananso. FLAC, mtundu wina wa fayilo ya nyimbo, nayo RX2 siimba, muisandutse WAV kapena AIFF.

Mkulu_wa_Zingwe
Chingwe mwasintha?

Phwitiko
Sindinapeze mpata madala, ndiona mawa.

Mkulu_wa_Zingwe
Musaone mawa, mugule mawa.

Tsabola_wa_Kambuzi
Lero ndi Lamlungu. A Phwitiko muli kuti? Ukwati unayenda bwanji?

Phwitiko
Pepani, ndinafika kunyumba usiku kwambiri. Unayenda. Wotsogolera kwaya anali nayodi WAV, mkwatibwi analowa ndi nyimbo yomveka bwino, amayi ake anagwetsa misozi pakhomo pomwe. Chingwe ndinagula Lachisanu koma ndinachiiwala m'chikwama china, ndinayamba ndi chakale. Cha m'ma 3 koloko, akuchimuna ali pakati pofupa, mwana wina anagunda tebulo, hard drive n'kuzima pomwepo. Mwayi wake ndinamvera a ku Joni, fulashi inali pa USB 1 ndipo nyimbo yotsatira inali kale pa deck inayo, ndinangokankha fader. Ndinatuma mng'ono wanga pa kabaza kukatenga chingwe chatsopano, chitafika sinazimenso mpaka kumapeto. Thaulo nalonso ndinayala. Nyimbo ziwiri zokha ndi zimene zinakana, zonse zinali FLAC, ndazisandutsa lero.

Mkulu_wa_Zingwe
Chakalecho chiduleni ndi sizasi chisadzalowenso m'chikwama.

NaPhiri_wa_Makompyuta
Hard drive ya alamu anu musaibweze musanapeze kwina kosungira zimene zili mmenemo. Ndipo popeza yatsopanoyo inazima ikuwerenga, ilowetseni pa laputopu, muyendetse chkdsk yofufuza zolakwika pa disk, kenako muione ndi kapulogalamu ka CrystalDiskInfo koyeza thanzi lake. Ikalemba Good mwapulumuka. Ikalemba Caution mutiuze manambala a pa Reallocated Sectors Count ndi Current Pending Sector Count.

Phwitiko
Yalemba Good, manambala onse awiri ali pa 0. Alamu anga ndagwirizana nawo kuti ndisunge yawoyo mpaka mwezi uthe.

Namadzi88
A NaPhiri, ine ndayesa attrib ija pa fulashi yanga yakale, mafoda abwerera onse. Koma wailesi ya galimoto ikuimba nyimbo mosatsata dongosolo la manambala amene ndinaika pa mayina. Ndiyambitse funso latsopano kapena ndifunse pompano?

NaPhiri_wa_Makompyuta
Yambitsani latsopano, mulembe mtundu wa wailesiyo ndi kukula kwa fulashi, ndikupezani komweko madzulo.